Msasa wa M'bango

Chaka chimene nthomba inalowa m'mudzi mwathu ndinali ndi zaka khumi, kapena khumi ndi chimodzi. Panalibe amene ankawerenga. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinali ndisanakule, ndipo chinali chaka changa choyamba kuyesa kufunga Ramazani, ngakhale ndinkangofika masana basi. Nkhondo ya azungu inali itatha, asilikali atabwerako kale. Mudzi wathu unali wa asodzi, m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa Salima, ndipo pafupifupi tonse tinali Asilamu. Bambo anali kuchilumba cha Mbenji, kumene amuna ankakhala miyezi yambiri akupha utaka, kumenenso mkazi sapondako. Pakhomo tinatsala atatu: amayi, ine Patuma, ndi mlongo wanga Saidi amene anali woyamwa.

Tinayamba kumva kuti nthomba yapha anthu m'midzi ya kumtunda. Kenako, mwezi wa Ramazani utangoyamba, kunabwera otemera ochokera ku boma. Linali tsiku la Ijumaa, Lachisanu la mapemphero, amuna ochepa amene anatsala m'mudzi ali mu mzikiti. Anafika amuna atatu ovala khaki, ndi mesenjala wa chipewa chofiira. Sanapatse munthu moni. Mesenjala uja anangoimirira pakati pa mudzi n'kuliza wenzulo, kenako n'kufuula kuti aliyense akhale pamzere, wothawa aona. Anafika mpaka pakhomo la mzikiti n'kuliza wenzulo pomwepo, swala, pemphero lathu, ili m'kati.

Anthu ambiri anathawira m'bango. Azakhali anga, Abiti Sumani, alongo awo a bambo, ananyamula Saidi n'kuthawa naye. Ine ndi amayi anatipeza tikutembenuza usipa pathandala, ndipo kothawira kunalibe. Mmodzi wa amuna aja anagwira amayi dzanja, n'kutsitsa nsalu yawo paphewa anthu akuona. Amayi anali munthu woti ngakhale alamu awo sankawapatsa moni wa m'manja. Ndinaona akuyang'ana pansi, bamboyo akuwakanda ndi kampeni kamene anali atakandira kale anthu ena. Kenako anandikanda ine, n'kupakapo timadzi toyera. Pochoka, mesenjala anasiya mawu akuti nyumba imene idzabise wodwala idzatenthedwa, ndipo mwini wake adzam'tengera ku boma.

Atangopita, amayi anandikokera kuseri kwa nyumba. Anadula ndimu pakati n'kuyamba kupukuta pabala langa mwamphamvu, kenako palawo. Ndinalira chifukwa cha kuwawa.

"Khala chete," anatero. "Ndipo zimenezi usakauze munthu. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Sanali okha amene anachita zimenezo. Kumadzi amayi ankanong'onezana zambiri. Ena ankati mankhwala aja ali ndi mafuta a nkhumba. Ena ankati amaumitsa mimba kuti mtsikana asadzabereke. Achikulire ankadandaula kuti kufunga kwawo kwawonongeka. Panalinso amene ankati kumudzi kwa abale awo anthu anatemeredwa, koma nthomba inawagwirabe. Woti n'kumufunsa panalibe, chifukwa obwera ndi mankhwalawo sanakhale ngakhale pansi.

Patapita masabata awiri ndinadzuka mutu ukundiwawa ngati andimenya ndi nkhafi. Msana unkaphwanya, thupi likutentha. Tsiku lachitatu tizilonda tinatuluka pankhope ndi m'manja. Azakhali atandiyang'ana sanafunse kalikonse. Iwo nthomba inawagwira ali mwana, nkhope yawo inali ya timaenje, ndipo mwa mwambo wathu munthu wotero ndi amene ankasamala odwala, popeza siibwereza. Anamanga kamsasa m'kati mwa bango, kupitirira dambo la mpunga, pansi pa mgwalangwa. M'mamawa anandibereka kumbuyo ngati khanda, miyendo yanga ikugunda m'mawondo mwawo.

Amayi anatiperekeza mpaka kumapeto kwa munda wa mpunga. Pamenepo azakhali anawaletsa.

"Mlamu, bwererani. Muli ndi mwana kumbuyoko."

Amayi anaima. Sanandikhudze. Anangoti, "Patuma, ukamva mapazi a munthu amene si azakhali ako, ukhale chete ngati mulibe munthu. Ukalankhula atitenthera nyumba." Ndinatembenuza mutu kuwayang'ana mpaka bango linawabisa.

Za masiku oyamba sindikumbukira zambiri. Ndikumbukira fungo la thupi langa lomwe, lokhala ngati la nsomba yogonera. Ndikumbukira kuti maso anatupa mpaka kutsekeka, ndipo m'kamwa munali zilonda moti phala ndinkalimeza ndikulira. Azakhali ankabwera kawiri patsiku. Ankandidzoza mafuta a nsatsi ndi nthenga ya nkhuku, n'kundikulunga manja ndi nsanza kuti ndisadzikande. Sankakhalitsa, chifukwa anali ndi misasa ina yoti aiyendere, ndiponso ankaopa kuti wina angawalondole. Akachoka kunkatsala mphepo ya mwera ikuwomba m'bango, tsiku lonse, osaleka.

Kutentha thupi kutayamba kuchepa ndinazindikira kuti sindinali ndekha m'dambomo. Tsiku lina ndinamva mawu akutali, oonda.

"Uwiii! Kuli munthu uko?"

Ndinawadziwa mawuwo. Anali Mwanaisha, mnzanga amene tinkapita limodzi ku madarasa n'kumagawana bwemba panjira. Ndinaiwala zonse zimene amayi anandiuza.

"Mwanaisha! Ndine Patuma!"

Sitinkaonana. Pakati pathu panali bango ndi matope, ndipo tonse sitikanatha kuimirira. Koma m'mawa uliwonse, azakhali akangochoka, mmodzi ankayamba.

"Patuma, uli moyo?"

"Ndili moyo! Nanga iwe?"

"Ndiliponso! Lero wadya chiyani?"

"Phala!"

"Inenso phala!"

Nkhani zathu zinali zomwezo, chifukwa kufuula kunkatitopetsa. Nthawi zina mphepo inkatenga mawu n'kungofika theka. Koma tsiku lonse ndinkakhala ndikudikira nthawi imeneyo. Tinatero masiku asanu kapena asanu ndi limodzi. Ndiye m'mawa wina ndinaitana, osayankhidwa. Ndinaitana mpaka mawu kusasa. Madzulo ndinafunsa azakhali.

"Amalume ake anadzamutenga," anatero akuyang'ana m'chikho.

Ndinavomera, popeza ndinkafuna kuti zikhale choncho. Komabe m'mawa mwake ndinaitananso, ndi mkuja wake.

Kuyambira pamenepo masiku anatalika. Diso lakumanja linatseguka, lakumanzere linkangoona utsi. Zilonda zinayamba kuuma, nkhanambo zikuyabwa thupi lonse. Ndinkawerenga mapesi a denga la msasa. Ndinkatsatira ndi diso nyerere zikunyamula nyenyeswa za phala louma, n'kumazipatsa mayina a anzanga a kumudzi. Mphepo ikaleka pang'ono ndinkamva azana, mfuu yoitanira anthu ku swala, kuchokera ku mzikiti, yaing'ono ngati kulira kwa udzudzu, ndipo ndinkadziwa kuti kumudzi anthu akupitiriza moyo popanda ine. Ndinayamba kuganiza kuti mwina amayi andiiwala. Mwana wa zaka khumi sadziwa kuti munthu angathe kukusiya chifukwa cha mwana wina, akukukondabe.

Tsiku lina dzuwa lili pamutu ndinamva bango likuthyoka. Sanali azakhali, iwo ankayenda osavala nsapato ndipo sankamveka. Ndinakumbukira mawu a amayi. Ndinadzipinda pamkeka.

Mapazi anaima chapatali pang'ono.

"Odi!"

Anali mawu a munthu wamayi. Ndinakhala chete.

"Odi kuno! Eni nyumba alipo?"

Nyumbayo inali mapesi ochepa oyedzamiritsa pamtengo, opanda ndi chitseko chomwe. Akanatha kungowerama n'kundiona. Koma anaima pomwepo n'kudikira. Ataodira kachitatu, pakamwa panga panatseguka pokha.

"Lowani."

Sanalowe. Anabwera n'kukhala pansi pakhomo, pamatope ouma, miyendo atatambasula. Anali mayi wamtali, wovala diresi loyera lofika m'munsi, mpango kumutu ndi nsapato zansalu. Pakhosi panali kamtanda. Nkhope yawo inali ya timaenje ngati ya azakhali. Anandiyang'ana bwinobwino, osatseka mphuno, kenako anayesa kundipatsa salamu ya Chisilamu. Anaipotoza kwambiri moti ndinaseka, milomo yanga n'kung'ambika.

"Ndalakwitsa, eti? Undiphunzitse ndiwe. Ine ndine Nankhoma, kwathu ndi kumtunda, kumapiri. Ndimagwira ntchito yauzamba pachipatala cha ku boma. Iwe ndiwe yani, mwanangu?"

Ndinawauza dzina langa. Anandipempha ngati ndingalole kuti anditsuke m'maso, ndipo ndinalola. Anatulutsa botolo m'kachikwama n'kunditsuka pang'onopang'ono. Atafika padiso lakumanzere analiyang'anitsitsa, kenako anatseka botolo.

Anandiuza kuti ali ndi masiku atatu m'mudzi mwathu. Ku boma anamva kuti otemera anathawidwa, ndiye anapempha okha kuti adzayese. Koma pakhomo lililonse ankawayankha kuti kuno kulibe wodwala, ndipo amayi akawaona ankalowa m'nyumba. Malo ogona anawapeza pakhonde la mayi wina wamasiye. Tsiku limenelo anangoona kanjira katsopano kolowa m'bango n'kukatsata.

"Masiku atatu ndisanacheze ndi munthu," anatero. "Ndiye ndati ndikhale pano pang'ono, ngati sukundithamangitsa."

Ine ndinali ndi masiku ambiri kuposa pamenepo. Sindinawathamangitse.

Anabweranso m'mawa mwake, azakhali atachoka. Anandibweretsera kashuga pang'ono m'kapepala. Ndinawaphunzitsa salamu mpaka anaikhoza. Anandifunsa za bambo, za Mbenji, za mmene timawambira utaka, ndipo ankamvetsera ngati ndikunena zinthu zofunika. Kenako anafunsa mofatsa.

"Patuma, ine ndine mlendo, sindidziwa za kuno. Tsiku lija anthu anathawiranji?"

Ndinayamba ndi wenzulo wa pamzikiti. Ndinanena za Ijumaa ndi za Ramazani. Ndinanena za mafuta a nkhumba ndi za mimba zouma. Ndinanena za nsalu ya amayi imene inatsitsidwa paphewa, ndi kampeni kamodzi ka anthu onse. Mawu ankangotuluka ngati madzi a mumtsuko wosweka. Iwo sanandidule, sanaseke, sananene kuti n'zabodza. Ankangoti, "Eya, kenako?" Ndipo m'kati mwa kulankhula kumeneko ndinanenanso za ndimu.

Nditangozitchula ndinazindikira chimene ndachita. Ndinawagwira diresi ndi manja anga okulungidwa nsanza.

"Chonde musakatenthe nyumba yathu! Musakawatengere amayi ku boma! Saidi akuyamwa!"

"Mwanangu, ine ngakhale machesi ndilibe," anatero. "Tamvera. Ukachira, msasa uno ndi mkekawu tidzatentha, chifukwa nthomba imatsalira m'menemu. Zimenezo sindikubisa. Koma za nyumba ndikalankhula ndi akuluakulu anga, ndipo dzina la amayi ako silituluka pakamwa panga."

Sindinagone bwino masiku amenewo. Ndinali nditagulitsa amayi anga chifukwa chongofuna munthu wocheza naye.

Tsiku lachitatu azakhali anabwerera msanga, n'kuwapeza ali pakhomo la msasa. Anaika chikho pansi. Anayang'ana mlendoyo, kenako ine.

"Walankhula," anatero.



A Nankhoma anagwada monga achitira mkazi kwa wamkulu wake. "Mayi, mwanayu musamukalipire, ndinamupeza ndine. Ndamva kuti odwala onse akusamala ndinu nokha. Ndaona mmene mwamukulungira manja, ndi mafuta amene mukumudzoza. Mwanayu ali moyo chifukwa cha inu. Sindinabwere kudzakulandani ntchito. Ndabwera kuti mundiuze mmene ndingalowere m'mudzi muno."

"Mulowe kudzatani? Anzanu aja analowa kale."

"Analowa molakwika. Pepani."

Azakhali anawayang'anitsitsa. Sindikhulupirira kuti anali atamvapo munthu wa boma akupepesa. Kenako anafunsa, mawu ali ouma, "Inu inakugwirani muli wamkulu bwanji?"

"Ndili ngati uyu. Tinagona anayi m'khumbi, ndinadzuka ndekha."

"Ife tinali asanu," anatero azakhali. Anakhala pansi.

Analankhula mpaka dzuwa kupendeka, ine ndili chigonere, ataiwala zoti ndilipo. Azakhali ankafunsa mwaukali, mlendo akuyankha. Zina ankavomera kuti sakuzidziwa. Pochoka anachokera limodzi, ndipo kuyambira tsiku limenelo a Nankhoma sanabwerenso kumsasa, chifukwa ntchito yawo inali itayamba kumudzi. Ndinawadikira masiku onse otsala. Ndinkamva bango likuthyoka n'kudzuka, koma inali mphepo.

Idi, chikondwerero chotsekera Ramazani, inandipeza m'menemo. M'mawa ndinamva amuna akuimba sikiri, mawu akubwera n'kumapita ndi mwera. Ndinkadziwa kuti anzanga avala nsalu zatsopano, akuyenda khomo ndi khomo. Azakhali anandibweretsera mpunga ndi kanyama ka mbuzi m'kambale, n'kunena kuti aphika ndi amayi. Ndinadya ndekha, pang'onopang'ono, kuti kasathe msanga.

Zimene zinachitika kumudzi ndinazimva kwa azakhali, pang'ono lero, pang'ono mawa. Iwo ndi amene anaperekeza a Nankhoma kwa a shehe. A shehe anafunsa chimene chili m'mankhwala aja, ndipo anayankhidwa kuti amachokera kwa mwana wa ng'ombe, mulibe cha nkhumba. Sanangokhulupirira; anatuma mphwawo ku boma kukafunsa Msilamu wina amene ankagwira ntchito pachipatala, ndipo a Nankhoma anadikira masiku awiri mpaka yankho kubwera. Kenako a Nankhoma anakhala ndi amayi a m'mudzi okhaokha kuseri kwa mpanda wa azakhali. Atafunsidwa za anthu amene anatemeredwa n'kudwalabe, sanakane. Anati mankhwalawo amafa akatenthedwa ndi dzuwa panjira, n'chifukwa chake iwo adzabweranso kudzaona mkono uliwonse, ndipo pamene sipanatupe adzabwereza. Za mimba anawauza kuti mng'ono wawo anatemeredwa ali mtsikana, ndipo ali ndi ana asanu ndi mmodzi.

Tsiku lotemera anasankha ndi anthu a m'mudzi. Amuna anatemeredwa ndi mwamuna mnzawo pabwalo la mzikiti swala itatha, a shehe n'kuyamba ndiwo. Amayi ndi ana anatemeredwa ndi a Nankhoma kuseri kwa mpanda, azakhali akugwira mkono. Azakhali ndi amene analamula kuti kampeni kazipita pamoto munthu aliyense akatha, ndipo zinatero. Mesenjala sanabwere. Palibe nyumba imene inatenthedwa. Si onse anabwera. Mabanja angapo anathawirabe m'bango, ndipo a Nankhoma anati asiyeni, tidzawapeza tsiku lina. Saidi anatemeredwa, mkono wake unatupa bwino, ndipo nthomba sinamukhudze.

Nkhanambo yomaliza itagwa azakhali anandisambitsa pamtsinje, n'kundiveka nsalu ina. Msasa anautentha ine ndikuona. Pobwerera tinadutsa pafupi ndi malo ena opserera, ndipo sindinafunse. Ndinadziwa ndekha kuti kunalibe amalume amene anadzatenga Mwanaisha. Anamuika ine ndikumuitana.

Ndinkaganiza kuti ndikafika kumudzi kusungulumwa kwatha. Sizinatero. Ana anzanga anandizungulira n'kumandiyang'ana nkhope, kenako mmodzimmodzi anachoka. Diso lakumanzere linali litayera, losaonanso. Ndinadziona koyamba m'madzi a mumtsuko, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkatunga madzi nditayang'ana kumbali.

Koma chimene chinandipweteka koposa anali amayi. Anandilandira, anandiphikira, usiku ankandifunditsa. Kulankhula nane ndiye ayi. Ankangoti, "Tenga nkhuni," "Bereka mwana," "Idya." Akamanena ankayang'ana kwina. Azakhali anandiuza kuti pa msonkhano wa kuseri kwa mpanda a Nankhoma ananena kuti amva zoti ena anapukuta mankhwala ndi ndimu, ndipo iwonso akanagwidwa mkono motero mwina akanachita chimodzimodzi. Sanatchule munthu. Amayi ambiri anaseka mwamanyazi, chifukwa anali ambiri amene anatero. Amayi anga okha sanaseke. Anadziwa kumene nkhaniyo inachokera.

Ndiye ndinkati ichi ndi chilango changa. Ndinaswa lamulo lawo, ndinaulula chinsinsi chawo kwa mlendo. Ndinkagwira ntchito zonse ndisanatumidwe kuti mwina anganene kanthu. Tinkakhala pathandala limodzi tsiku lathunthu, manja athu akugundana pa usipa, popanda mawu. M'bango muja ndinkadziwa kuti amayi ali kutali. Apa anali pafupi, ndikumva kupuma kwawo.

A Nankhoma anabweradi kudzaona mikono monga analonjezera. Tsiku limenelo ine ndinali kutali kotola nkhuni. Pobwera ndinamva kuti anafunsa za ine, anadikira pang'ono, kenako ananyamuka chifukwa ulendo unali wautali. Ndinataya mtolo n'kuthamanga mpaka kunjira yaikulu, koma ndinangopeza mapazi a nsapato zansalu pamchenga. Patapita miyezi tinamva kuti anawasamutsira kuchipatala china. Sindinawaonenso.

Bambo atabwera ku Mbenji anandiyang'ana, n'kundisisita kumutu, n'kunena kuti Alihamudulilahi mwana ali moyo. Pang'onopang'ono amayi anayamba kulankhula nane za tsiku ndi tsiku, koma za nthomba sitinazitchulepo. Ndinakula, ndinakwatiwa mochedwa kuposa anzanga, ndipo ndinakhala zaka zonsezo ndikukhulupirira kuti mumtima mwawo sanandikhululukire.

Mwana wanga woyamba atakwana miyezi yotemera, ndinakonzeka kupita naye ku Khombedza kumene achipatala ankabwera. Amayi, amene tsopano anali ndi imvi, anangotenga mpango wawo n'kunditsatira. Tinaima limodzi pamzere. Mwana atalira anamulanda m'manja mwanga n'kumubereka okha. Pobwerera tinapuma pansi pa mtengo wa mango, ndipo ine, sindikudziwa chimene chinandilimbitsa mtima, ndinati, "Amayi, mundikhululukire za kale zija. Ndinali mwana, ndinali ndekha."

Anandiyang'ana modabwa. "Ndikukhululukire chiyani?"

"Ndinaulula za ndimu. Munakhala osandilankhula."

Anagwedeza mwana kumbuyo. Kenako misozi inayamba kutsika.

"Patuma, iwe zaka zonsezi umaganiza zimenezo? Ine sindinakukwiyire. Ndinkalephera kukuyang'ana. Mayi uja atafotokoza kuseri kwa mpanda ndi pamene ndinamva koyamba kuti mankhwala aja anali otani. Ndinakhala pamenepo ndikudziwa kuti ndinawapukuta ndi dzanja langali. Ndiye unabwera ndi nkhope imeneyo, ndi diso limenelo. Ndikanakuuza chiyani? Ndikanayambira pati?"

Ndinawauza kuti mwina mankhwala a tsiku lija anali akufa kale ndi dzuwa, kapena nthomba inali italowa kale m'thupi mwanga. Palibe amene angadziwe. Anangopukusa mutu.

"Akanangokhala pansi n'kutiuza," anatero. "Ngakhale pang'ono pokha."

Tsopano ndine wokalamba, ndipo kulemba kumene ndinakuphunzira ndili ndi zidzukulu. Ndaona alendo ambiri akubwera m'mudzi muno ndi zinthu zabwino: zimbudzi, mijigo, mankhwala a likodzo, maukonde a udzudzu. Ena amayamba ndi kufunsa, ena amayamba ndi kulamula, ndipo anthu akakana amabwerera akunena kuti a kunyanja ndi osamva. Ine ndikamva mawu amenewo ndimaganiza za amayi anga. Sanali osamva. Anali mayi amene mwana wake anakandidwa ndi munthu wosamudziwa, n'kupakidwa chinthu chimene palibe anamuuza dzina lake, ndipo anachita chimene ankaona kuti chipulumutsa mwanayo. Munthu amene akukana kawirikawiri amakhala akutchinjiriza wina wake, ndipo sungadziwe amene akumutchinjiriza ngati sunamufunse.

Chimene ndinachedwa kuchimvetsa n'chakuti amuna a khaki aja anabwerera ku boma tsiku lomwelo, ntchito yawo itatha, ndipo sindikukhulupirira kuti anatikumbukiranso. Mlandu wonse unatsalira mayi mmodzi wosauka, amene anausenza yekha mpaka imvi. Ndinayesa kangapo kuwatula katunduyo. Pa matenda awo omaliza, ndikuwadyetsa, anakweza dzanja n'kundikhudza pachikope cha diso lakufali, n'kunena kuti pepa mwanangu. Ndinawauza kuti sanalakwe. Ndinanena kawiri, pafupi ndi khutu lawo. Sindikudziwa ngati anandikhulupirira.